A Taifa amakukana pa foni, ife timakukana ndi zii

Ndakhala ndikuzisunga mumtima izi kuyambira mwezi wa June koma lero ayi zandikwana. Msuweni wanga wa ku Kyela ku Tanzania wanditumizira chithunzi pa WhatsApp m'mawa uno akudandaula kuti amukana ntchito, ndiye ine m'malo momupepesa ndapezeka ndikumuchitira nsanje. Nsanje yeniyeni, kusilira munthu woti wakanidwa ntchito. Sekani ngati mukufuna koma mundimve kaye.

Ine ndinamaliza pa Mzuni zaka ziwiri zapitazo, ndinapanga za nsomba, ndipo pano ndimakhala ku Chibavi kwa achimwene anga omwe sanayambe kudandaula poyera koma mlamu wanga akamapakula nsima amachita kuwerenga mitanda mokweza. Tsiku lina Lolemba munthu wina anaponya pa gulupu ya kalasi yathu chithunzi cha tsamba la nyuzipepala, chosaoneka bwino ngati anajambula ali pa kabaza, choti dipatimenti ina ya boma ikufuna achinyamata a digiri kuti akachite internship ya kafukufuku kwa chaka chimodzi. Dzina la dipatimentiyo sinditchula, ndikufunabe ntchito ine. Ntchito yake inali yomwe ndinaphunzira ndendende, kupita m'madoko kukayeza nsomba, kulemba manambala, kuthandiza akuluakulu a kafukufuku kulemba malipoti. Mtima unagunda. Kenako ndinawerenga kumunsi: kalata yofunsira, CV, makope a digiri ndi MSCE ndi chiphaso cha unzika onse odindidwa ndi wolumbiritsa, maina a anthu atatu okuchitira umboni, zonse mu envelopu, zifike ku Lilongwe pasanakwane Lachisanu madzulo. Imelo palibe, nambala ya foni palibe.

Lachiwiri ndinadzukira m'tauni kukapanga fotokope, magetsi kunalibe, malo amene anali ndi jenereta anakweza mtengo pompo ndipo mzere unali wa ife tomwe a digiri, tikuyang'anana ngati sitikudziwana pomwe tonse tanyamula envelopu ya khaki yofanana. Kuchoka apo kukasaka chidindo. Bwana wodinda anali ku miting'i, ndinadikira pa benchi mpaka 3 koloko kenako mayi wa pa desiki anangoti mubwere mawa achimwene. Lachitatu ndinadinditsa, ndinalipira pepala lililonse palokha. Tsopano envelopu ifika bwanji ku Lilongwe, makilomita oposa 300, m'masiku awiri? Pa positi sindinayerekeze. Kupita ndekha ndalama ya basi yopita ndi yobwerera ndinalibe, ndiye ndinaitumiza pa basi ngati katundu, ndikupempha mnzanga wa ku Area 25 kuti akaitenge ku depoti akaisiye, naye ndinamutumizira ya minibasi ndi ya fanta chifukwa munthu sangakuyendere ndi malovu okha. Anakafika Lachisanu cha m'ma 2. Ananditumizira chithunzi cha pamene anaisiya, abale anga, katoni ya sopo ili pakona pa khonde, yodzaza mpaka ma envelopu ena agwera pansi. Buku losainira panalibe, kapepala kosonyeza kuti alandira panalibe, mlonda anangomulozera ndi mlomo kuti ponyani umo.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero, zii.

Tsopano mverani za msuweni wangayu. Mayi ake ndi azakhali anga, anakwatiwa kutsidya kwa Songwe kalekale, inu a ku Karonga mukudziwa kuti malire ajawa anangodula pakati pa abale, Mngonde ndi Mnyakyusa akakumana safuna womasulira. Mwezi wa August ndinapitako ku ukwati, kudutsa pa Chiweta, Karonga, kuoloka mlatho kulowa Kasumulu mpaka ku Kyela. Tili pa kamalo kena tikudya chipsi mayai iye akungodinadina foni, ndinamufunsa kuti ukucheza ndi ndani osadya, akuti ayi ndikufunsira ntchito. Ndinaganiza kuti akunama. Anandionetsa. Kwawoko ntchito zambiri za boma zimadutsa malo amodzi otchedwa Ajira Portal, amene amayendetsa ndi ofesi yolemba anthu ntchito za boma, iwo amati Sekretarieti ya Ajira. Umatsegula akaunti kamodzi, kuikamo nambala ya chiphaso chako cha unzika chomwe amati NIDA, chithunzi chako, masetifiketi ako, basi zimakhala momwemo. Ntchito ikatuluka, kaya ndi ya ku TARI, bungwe lawo lofufuza za ulimi lomwe lili ndi malo aakulu ku Uyole ku Mbeya, kaya ndi ya ku TAFIRI ya nsomba yomwe ili ndi nthambi ku Kyela komweko, umangolowa, kuika kalata, kudina. Chipsi chisanazizire munthu anali atamaliza zomwe ine zinanditengera masiku anayi ndi ngongole kwa mlamu.

Ndisakunamizeni, yakeyo sinali internship kwenikweni, inali ntchito ya wothandizira kafukufuku. Za internship kwawoko zimadutsa ku bungwe lina lotchedwa TaESA, nakonso umalembetsa pa intaneti. Koma mfundo yanga si dzina la ntchito. Mfundo yanga ndi chithunzi chomwe wanditumizira lerochi. Analowa mu akaunti yake napeza alemba kuti sanasankhidwe kupita ku intaviyu, ndipo pambali pake aika chifukwa: setifiketi yake imodzi inalibe chidindo cha loya. Iye watukwana tsiku lonse, akuti boma lawo ndi lankhanza, kumukanira kachidindo kamodzi. Ine ndamuuza kuti iwe mwana wa azakhali sukudziwa mwayi uli nawo. Ukudziwa kuti kalata yako inafika. Ukudziwa kuti pali munthu anaitsegula mpaka kuona kuti chidindo palibe. Ukudziwa chokonza. Mawa upita kwa loya, udinditsa, uikamo, ntchito ina ikatuluka vuto limenelo latha. Nanga ine ndikonze chani? Sindikudziwa ngati envelopu yanga inatsegulidwa, kapena ili m'gulu la aja anagwera pansi, kapena wina anakulungira mandasi.

Anthu amaganiza kuti chowawa ndi kukanidwa. Ayi ndithu, kukanidwa tinazolowera, amene anafunsirapo mbeta akudziwa kuti umalira sabata imodzi kenako moyo umapitirira. Chowawa ndi kudikira chinthu choti mwina chinatha kalekale. Mwezi wa July munthu wina anandipezera ganyu yophunzitsa Biology pa sukulu ina ya pulaiveti ku Rumphi, ndinazengereza dala poopa kuti ndikangosaina andiimbira a ku Lilongwe, mpaka malowo anapatsa wina. Foni sindinkazimitsa ngakhale m'tchalitchi. Nambala iliyonse yachilendo ndinkayankha ndi mawu aulemu ngati ndili kale mu ofesi, ndipo kawiri konse anali aja akuba oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ndinadzadziwa kuti anthu anatengedwa kale nditaona pa Facebook mtsikana wina wavala jekete yosamira ali m'boti akuthokoza Mulungu chifukwa cha tsiku loyamba. Sindikumuda, mwina anandiposadi, mwina magiredi ake ndi oopsa. Koma ndidziwa bwanji?

Ndipo apa ndi pamene zii ameneyu amaononga zinthu. Munthu ukapanda kuuzidwa chifukwa umapeka chako. Pa gulupu yathu ija wina akuti anatenga ana a mabwana okhaokha, wina akuti mndandanda unalembedwa chilengezo chisanatuluke, wina wayambitsa kale za quota kuti ife okhala kumpoto kuno ma envelopu athu amaikidwa pansi penipeni pa katoni. Mwina zonsezi ndi mabodza, mwina anthu aja anagwira ntchito yawo mwachilungamo usiku ndi usana. Koma poti sananene kanthu, bodza lililonse lapeza mpando.

Pena tivomereze, si kuti kwathu kuno kulibiretu kanthu. Pulogalamu ya boma ya internship ya omaliza maphunziro inayamba mu 2018, cholinga chinali kutenga achinyamata 5,000 ndipo ankalandira K80,000 pamwezi, pambuyo pake anadzakweza kufika K150,000, ngakhale kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndalama iliyonse inasanduka ya sopo ndi bandulo. Ndikudziwa anzanga amene analowamo ndipo lero ali pa ntchito zenizeni chifukwa CV yawo inapeza cholemba. Malo a kafukufuku tili nawo ndipo si ochepa: Lunyangwa ili mu Mzuzu momuno, Mkondezi ku Nkhata Bay, Baka ku Karonga, Chitedze, Bvumbwe, Makoka, za nsomba ku Monkey Bay, za nkhalango ku Zomba. Anthu ake ndi odziwa zinthu, ena anatiphunzitsapo. Ndipo chiphaso cha unzika tili nacho, mu 2017 dziko lino linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yochepa chabe, pamene a Taifa ambiri NIDA yawoyo anaidikira zaka, ena amangoyenda ndi nambala khadi osaliona. Ndiye chimandipweteka n'chakuti nambala yomwe ingatsegule akaunti ngati ya msuweni wanga ili m'thumba mwangamu, koma ntchito yake ndi kuipanga fotokope mbali zonse ziwiri n'kukadinditsa.

Komanso a Taifa asatinamize kuti kwawo ndi kumwamba. Loya wodinda uja amalipiritsa ngati kuno. Ntchito ya anthu asanu amafunsira anthu odzaza bwalo la mpira, ndipo msuweni wanga yemweyu anapitapo ku Dodoma kukalemba mayeso a ntchito, ulendo wa tsiku lathunthu, kugona pa benchi ku siteshoni, n'kubwerako chimanjamanja. Portal yawoyo nayo tsiku lotseka imakanika kutseguka anthu akachuluka. Ndipo nthawi ya chisankho chawo mu October 2025 intaneti inazimitsidwa dziko lonse kwa masiku angapo, ife tikumufunafuna pa foni osamupeza, azakhali osadziwika ngati ali bwino. Pamenepo katoni yathu ya sopo inaoneka yanzeru, katoni sazimitsa. Chizungu cha mu intaviyu tikawaika pamodzi ndi ife timawasiya patali, iye mwini amavomera. Za nyanja ndiye tisayambe n'komwe, iye amati Nyasa ine ndimati Malawi ndipo usipa wake ndi womwewo, tinakangana pa ukwati paja mpaka azakhali anatilanda mbale. Mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi wa ku Kyela nawonso tinausiya osagamula ngakhale aliyense wa mphuno akudziwa wonunkhira ndi uti.

Ku Zambia, malinga ndi mnzanga wa ku Lundazi, envelopu ikadalipo ngati kuno, koma pamene analemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022 maina anatuluka m'nyuzipepala aliyense n'kudzionera yekha kuti ndilipo kapena ayi. Ku Joni ntchito za boma zili ndi fomu yawo ya Z83, ndipo pa chilengezo amalemberatu kuti miyezi itatu ikadutsa osamva kanthu dziwani kuti zakanika. Ndi kukana kwa ulesi koma kuli ndi tsiku. Ife timangolemba kuti tidzayankha okhawo amene asankhidwa, osanena kuti liti, ndiye munthu ukhoza kudikira mpaka imvi.

Ena munena kuti pano zinthu zikusintha, maofesi ena ayamba kulandira pa imelo kapena pa fomu ya pa intaneti. Zoona, ndinayesapo kuwiri. Kwina imelo inabwerera yokha kuti bokosi ladzaza, kwina inapita koma mapeto ake ndi omwewo, zii wa pa kompyuta m'malo mwa zii wa mu katoni. Ine sindikupempha zinthu zapamwamba ayi. Boma lomweli limatha kunditumizira uthenga pa foni kuti ndikabayitse katemera, kuti ndikalembetse voti, kuti kukubwera mvula yamkuntho. Uthenga umodzi woti talandira kalata yanu, wina woti pepani simunasankhidwe, zikanakwana ndalama zingati? Ngakhale kumata mndandanda pa bolodi ku ofesi ya DC kuti ife a kumpoto tisamachite kumvera kwa anthu a ku Area 25. Anthu ofuna kutiphunzitsa kafukufuku, oti ntchito yawo ndi kusunga manambala a chambo chilichonse chogwidwa pa doko, akulephera kusunga mndandanda wa anthu amene awalembera kalata?

Madzulo ano pa gulupu paja paponyedwanso chithunzi china, chosaoneka bwino ngati choyamba chija, internship inanso, Lilongwe yomweyo, Lachisanu lomwelo. Ndinamuuza msuweni wanga, iye mwaulemu wake akuti nditumizire linki ndione ngati ndingakuthandize kudzaza. Ndamujambulira envelopu ya khaki yomwe ndagula pa Taifa Market pobwera, ndamuuza kuti linki yake ndi imeneyi, adine.