Ndale ndaziphunzira pa benchi ya kalembera

Lachisanu lapitali ndinakhala pa benchi ya simenti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, envulopu ya khaki ili m'manja, m'kati mwake muli silipi ya ku banki. Ndimadikira kuti dzina la mwana wa mlongo wanga lioneke pa kompyuta kuti walipira. Linali tsiku lomaliza lolembetsa semesita pa yunivesite ina kuno ku Lusaka. Sinditchula kuti ndi iti, chifukwa nkhaniyi si ya sukulu imodzi.

Mtsikanayu akuphunzira political science, kunyumba timangoti za ndale. Ndimakhala naye ku Mtendere, amagona pabalaza, mabuku ake amasunga m'katoni ya sopo kuseri kwa mpando. Mayi ake ali kumudzi ku Katete, amalima soya ndi mtedza. Fizi imachokera m'munda umenewo, ine ndimangoikapo ya chilimba ikandigwera.

Zinayenda chonchi. Wogula soya ananyamula matumba n'kunena kuti ndalama atumiza Lolemba. Zinabwera Lachitatu madzulo pa foni. Ndinayenda timabuthu titatu, paliponse akuti float yatha. Lachinayi ndinakaponya ku banki, akuti zioneka ku sukulu pakapita maola. Lachisanu portal ikukanabe kutsegula makosi chifukwa ati sanalipire, pamene silipi ndili nayo m'manja, chidindo chake chofiirira bwinobwino. Pa mzere panali ana oposa amene ndikanatha kuwerenga, ena atakhala pa zikwama, wina akulira chamumtima foni ili kukhutu. Cha m'ma 16 windo linatsekedwa. Mayi amene anali m'katimo sanatikalipire, anangoti, "Bambo, ine ndilibe mphamvu, ndi system. Mubwere Lolemba ndi ya chindapusa."

Tili mu minibasi pobwerera, ine nditakwiya ngati ndalumidwa ndi mavu, mwanayu anayamba kuseka. Ndinamufunsa chomwe chikumuseketsa. Akuti, "Amalume, chaka choyamba anatiphunzitsa za munthu wina wa ku America, Harold Lasswell, amene mu 1936 analemba kuti ndale ndi nkhani ya ndani apeza chiyani, liti, ndiponso motani. Ife tonse tinaloweza ndani ndi chiyani. Lero ndiye ndamva tanthauzo la liti."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu, n'chifukwa chake ndikulemba.

Ndiyambe ndi kuvomera: tsiku lotsekera liyenera kukhalapo. Lekichala sangayambe kuphunzitsa asakudziwa ngati m'kalasi mukhala anthu makumi anayi kapena mazana awiri. Zipinda ziyenera kugawidwa, ndandanda ya mayeso iyenera kutuluka. Ndipo ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa kuti tsiku lolembedwa m'malamulo lili ndi mano. Mukukumbukira 2016? Chisankho chinachitika pa 11 Ogasiti, a Lungu anapambana ndi mavoti opitirira theka pang'ono chabe, a Hichilema anakadandaula ku ConCourt, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko. Malamulo oyendetsera dziko, omwe anali atangosinthidwa mu Januwale chaka chomwecho, ankati dandaulo lotere limvedwe m'masiku 14. Masiku aja anathera m'mikangano ya maloya, ndipo pa 5 Seputembala oweruza atatu mwa asanu anati nthawi yatha, mlandu sungapitirire. Umboni weniweni sunamvedwe. Kaya munali mbali iti chaka chimenecho, si nkhani yanga lero. Chimene ndikunena n'chakuti mpando waukulu wa dziko lino unatsimikizika ndi kalendala. Ndiye mwana wophunzira za ndale akamadandaula kuti "anditsekera ndi tsiku limodzi lokha", ndimamuuza kuti takulandirani ku phunziro lanu.

Koma pamenepo pomwe ndi pamene pali dandaulo langa. Tsiku silimagwa kumwamba ngati mvula. Pali anthu amene amakhala pansi n'kulisankha, ndipo amalisankha akuganiza za munthu wina wake. Munthu ameneyo amalandira malipiro pakutha kwa mwezi, ali ndi akaunti ku banki, kunyumba kwake kuli intaneti, magetsi akathima ali ndi sola. Mlongo wanga wa ku Katete samuganizira. Iye ndalama amaiona kamodzi pachaka, akakolola, ndipo ngakhale pamenepo amadikira chifundo cha wogula. Mwana wa wogulitsa salaula ku msika wa Soweto, mwana wa woyendetsa wilibala ku City Market, onsewa ndalama zawo zimabwera mwa apo ndi apo. Lamulo ndi limodzi kwa onse, inde, koma wina limamupeza atakhala pa sofa, wina limamupeza ali pa mzere wa kabuthu kopanda float.

Ndiyeno chindapusa. Apa ndiye mutu wanga umaima. Munthu wachedwa chifukwa analibe ndalama, mankhwala ake n'kumuuza kuti abweretse ndalama zambiri? Amene amachedwa chifukwa cha ulesi, bambo ake ali nazo, chindapusa sachimva n'komwe, amangotumiza. Amene chimamuluma ndi yemwe uja anachedwa chifukwa chosowa. Ine Loweruka ndinapita kwa munthu wa kaloba, wobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu, ndipo nonse mukudziwa kuti kaloba amabwezedwa bwanji.

Ena mundiuza kuti pali ngongole za boma. Zilipo, HELSB, bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 m'malo mwa Bursaries Committee yakale ija, ndipo ndalama ya chakudya imene ophunzira amaitchabe BC, yomwe inachotsedwa mu 2019, inabwezeretsedwa mu 2023. Zimenezi n'zabwino, sindikunyoza. Koma si mwana aliyense amene amaipeza ngongoleyo, ndipo kuyambira pamene sukulu inakhala yaulere mpaka giredi 12 mu 2022, ana a anthu osauka amene adzafike pa chipata cha yunivesite adzingochuluka. Tawatsegulira khomo la kumunsi, la kumtunda tikulitsekabe pa nthawi ya anthu a malipiro.

Pali china chimene chinandiwawa kuposa ndalama. Lolemba atalembetsa, kosi imene ankaifunitsitsa, ya maboma aang'ono, makhansala ndi makhonsolo, inali itadzaza. Anatenga ina yongodzazira nambala. Mwanayu chimene chinamukokera ku maphunzirowa ndi CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'makonsitichuwense. Pamene ndalamayi inakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, iye anali kumudzi, akumva akuluakulu akukangana pansi pa mtengo kuti ndani amasankha kuti mjigo ukumbidwe mudzi uno osati uwo. Palibe amene ankadziwa bwinobwino. Anati ine ndikaphunzira zimenezi. Ndiye taonani, amene analowa m'kalasi ija ndi amene analipira msanga, ndipo amene anakulira pafupi ndi mjigo wakufa watsala panja. Pakapita zaka khumi, amene adzakhale m'maofesi a khonsolo akulemba mapulani a midzi ndi ati?

Pano ndiyankheko achibale amene amandifunsa pa maliro ndi pa maukwati kuti, "Inu atsibweni ake, mwamulola bwanji kuphunzira ndale? Adzadya ndale? Bwanji unamwino?" Unamwino ndi wabwino. Koma dziko lino linakhala ndi chipani chimodzi kuyambira kumapeto kwa 1972 mpaka pamene malamulo anasinthidwa mu 1990, a Kaunda n'kugonja kwa a Chiluba mu Okutobala 1991. Lasinthanso chipani cholamula mu 2011 ndi mu 2021 popanda mfuti. Zoterezi sizichitika zokha, pamafunika anthu odziwa kuwerenga lamulo n'kufunsa kuti analilemba ndani, ankateteza ndani. Kosiyi sikuti imaphunzitsa kuvala chitenje cha chipani n'kukwera pa lole ayi. Ine amene ndinalekera fomu 5 ndikuona kusiyana kwake pa mafunso amene mwanayu amandifunsa tikamamvera nkhani za pa wailesi.

Zimene ndikupempha si zazikulu. Tsiku la pa silipi ya ku banki ndilo liziwerengedwa, osati tsiku limene kompyuta yadzuka. Mwana aziloledwa kusungitsa malo m'makosi ake ndi kandalama kochepa, zotsalazo azimaliza mayeso asanafike. Ndipo amene amakonza kalendala aziyamba afunsa kuti soya amagulitsidwa mwezi uti. A bungwe la ophunzira, inu amene mumayenda ndi zikwangwani nthawi ya kampeni, ambiri a inu mukuphunzira ndale zomwezi, nkhani yake ndi imeneyi.

Dzulo usiku magetsi atathima ndinamupeza akulemba ndi tochi ya foni, katoni ya sopo ija ataisandutsa tebulo. Akuti ndi kalata yopita kwa oyang'anira kalembera, ndipo anzake khumi ndi awiri asayina kale. Anandipempha silipi ija kuti akaijambulitse aiphatikize. Ndamupatsa, koma ndamuuza kuti yeniyeniyo abweze, chifukwa wa kaloba akubwera pa 30.