Manda a Brookwood ndi sitima yake ya maliro

Anthu akamakamba za manda a Brookwood, kunja kwa London, amangothamangira nkhani ya sitima yonyamula mitembo. Kwa ine nkhani yaikulu ndi yakuti amene anakonza mandawa anaganizira bwino za akufa, koma anamfedwa anawaiwala.

Vuto linalipodi. Mu 1801 London inali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni, pofika 1851 anali atapitirira 2 miliyoni, koma maliro ankaikidwabe m'timanda ta kuseri kwa matchalitchi. Adzukulu akamakumba ankaphwanya mabokosi a anthu amene anali asanathe n'kuwola. Kolera wa mu 1848 ndi 1849 atapha anthu oposa 14,000, malo anatheratu.

Kampani ya London Necropolis inagula maekala oposa 2,000 kufupi ndi tauni ya Woking, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo mandawo anatsegulidwa mu 1854. Posankha malo anachita zanzeru. Dothi la kumeneko ndi lamchenga, madzi sadikha m'dzenje, mtembo umawola msanga, pomwe makande a mu London amasunga madzi. Chimene ndimawalemekezera kwambiri n'chakuti ngakhale mmphawi woikidwa ndi ndalama za parishi ankagona m'manda akeake, osati kuunjikidwa m'dzenje limodzi ndi ena monga zinkachitikira mumzinda.

Sitima inkanyamukira pa siteshoni yakeyake, pambali pa siteshoni yaikulu ya Waterloo mu London, mabokosi ndi operekeza pa ulendo umodzi. Munali kalasi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, kwa amoyo ndi kwa mitembo yomwe, ndipo a Anglican ankakwera paokha. Njanji inkalowa mpaka m'kati mwa manda, momwe munali masiteshoni awiri: yakummwera ya a Anglican, yakumpoto ya mipingo ina.

Nanga zinavuta pati? Malamulo a m'zaka zomwezo analola maparishi kutsegula manda atsopano m'mphepete mwa London momwemo, ndipo mabanja anasankha apafupiwo. Sindingawadzudzule. Mayi wamasiye wogwira ntchito yolipidwa pa tsiku akanataya tsiku lathunthu ndi ndalama ya tikiti kuti akangozula udzu pa chiliza cha mwamuna wake. Kampani inkayembekezera maliro osachepera 10,000 pa chaka, koma pa zaka 20 zoyambirira inkalandira pafupifupi 3,000 okha pa chaka. Kenako kunabwera magalimoto onyamula maliro, kutentha mitembo nakonso kunayamba kufala, ku Woking komweko kuyambira 1885. Mu April 1941 mabomba a Germany anaphwasula siteshoni ya ku London ya sitima ya maliro ija, ndipo sinamangidwenso.

Amene anapinduladi ndi kukula kwa malowa ndi anthu osowa poika abale awo mwa mwambo wawo. Asilamu ndi a chipembedzo cha Zoroaster anapatsidwa zigawo zawo, ndipo mu 1917 anapatulanso malo a asilikali, amene lero ndi manda aakulu koposa a asilikali a Commonwealth mu UK. Kuyambira 2014 mandawa ali m'manja mwa khonsolo ya Woking, ndipo maliro akuikidwabe.