Mapaundi 5 a pageti: a ku Scotland andigometsa

Inu a ku Leeds ndi ku Manchester mundikhululukire, lero ndikulakwirani. Ndakhala ku Northumberland zaka 9 ndikusamalira okalamba, ndipo zikwangwani zachikasu zija zoitanira anthu kukaona minda ya maluwa zikangoyamba kuoneka m'mphambano, woyamba kuvala nsapato ndimakhala ine. Minda ya maluwa ya Angerezi ndaiyenda mpaka ndimadziwa khomo lomwe keke yake imakhala youma. Koma Lamulungu lapitali ndinaoloka mlatho wa ku Coldstream n'kulowa ku Scotland, ndipo pobwerera ndinkangoyankhula ndekha m'galimoto ngati wosokonekera mutu.

Mwambo wake mukuudziwa. Munthu atsegula geti la kwake tsiku limodzi, anthu osawadziwa n'komwe n'kumalowa kuseri kwa nyumba, kuponda kapinga wake, kununkhiza maluwa ndi kumwa tiyi, ndalama n'kukathandiza ovutika. Kwathu mutayesa zimenezi mlonda angayambe wakufunsani ngati muli bwinobwino. Tsidya lino ndi tsidya linalo la mtsinje wa Tweed amachita zofanana, ndipo ngakhale chikwangwani n'chachikasu konsekonse. N'chifukwa chake zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndi gule mmodzi.

Pageti panali katebulo kopendekeka, chitini cha mabisiketi choponyamo ndalama, ndi mayi wina wachikulire atavala majombo odzadza matope. Ndikutulutsa mapaundi 5 anga, maso anagwera pa chithunzi chomwe anamata pachitinipo ndi selotepi. Ana asukulu ali pamzere, aliyense kapu yapulasitiki m'manja. Abale, phala la likuni ndingalisokoneze ndi china? Pansi pake analemba kuti Mary's Meals.

Ndinawafunsa kuti, "Mayi, ndalama yanga ikupita kumeneku?" Anati eya. Atamva kuti kwathu ndi ku Malawi anasiya kulandira anthu, mzere n'kuima kumbuyo kwanga. "Munda ndi wanga, msana womwe umawawa polima ndi wanga," anatero akuseka, "ndiye kosankha kuti ndalama ipite kuti n'kwanganso." Ndinangoti kukamwa yasa.

Nkhani yagona pamenepo. Ku Scotland's Gardens Scheme mwini munda amaloledwa kupereka mpaka 60 peresenti ya ndalama za tsikulo ku bungwe lomwe wasankha yekha. Yotsalayo imapita kulikulu, komwe amathandizira Maggie's, malo olimbikitsa odwala khansa omwe anayambira ku Edinburgh, bungwe la anamwino la Queen's Nursing Institute Scotland, ndi Perennial yomwe imathandiza anthu ogwira ntchito m'minda akagwa m'mavuto. Ndiye pa mapaundi 5 anga aja, 3 akulowera njira ya phala lomwe Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Dalmally ku Scotland, yemwe anayambitsa Mary's Meals, anayamba kudyetsa ana ku Malawi m'chaka cha 2002. Wina amasankha denga la tchalitchi cha m'mudzi mwake, wina boti lopulumutsa anthu panyanja, wina bungwe lomwe linasamalira mwamuna wake asanatisiye. Ukalowa pageti umakhala walowanso m'mbiri ya banjalo.

Ku England sizili choncho. Ndalama ya pageti imapita ku National Garden Scheme, iwo n'kugawira mabungwe awo osamalira odwala: Macmillan, Marie Curie, Hospice UK ndi ena. Umaponya ndalama yako ngati mwala m'nyanja, podziwa kuti yafika koma osaona pomwe yagwera. Mngerezi amakonda zinthu zoyenda pamzere, fomu isainidwe, likulu liwerengere. Wa ku Scotland akuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima: ngati wandikhulupirira kuti ndilandire alendo 200 pakhomo panga, ndikhulupirirenso pa ndalama.

Koma ndisanamizire, Angerezi ndiwo eni gule. Anayamba mu 1927, Elsie Wagg atapereka maganizo oti anthu azitsegula minda yawo pofuna kupezera ndalama anamwino oyendera odwala m'makomo. Nthawi imeneyo NHS, ndondomeko ya boma ya zipatala zaulere, kunalibe, inadzabwera mu 1948. Chaka choyambacho minda 609 inatsegulidwa, munthu aliyense kulipira shileni imodzi, ndipo anapeza mapaundi oposa 8,000. A ku Scotland anadzatsatira mu 1931, nawonso chifukwa cha anamwino. Lero kuno minda yotsegulidwa imafika cha m'ma 3,500 pachaka, pomwe tsidya linalo ili m'mahandiredi chabe.

Ndipo mwala wa m'nyanja ujanso ndinauona pomwe umagwera. Ndinachezerapo usiku wonse ndi namwino wa Marie Curie pambali pa bedi la agogo ena omwe ndinkawasamalira, ana awo akugona pang'ono m'chipinda china patatha masabata osaona tulo. Ntchito ngati imeneyo siyenda ndi zitini za mabisiketi zomwazikana, imafuna ndalama yochuluka yobwera pamodzi chaka ndi chaka. Apo ndavomera. Ndavomeranso kuti kuno eni minda ambiri amapereka ndalama ya tiyi ndi keke komwe afuna, kawirikawiri kutchalitchi cha pafupi. Koma ndalama ya tiyi, abale? Ameneyo ndi msuzi, nyama yapita kulikulu.

Zina zonse n'zazing'ono. Kapinga wa Angerezi amadulidwa ngati tsitsi la msilikali, umachita manyazi kumuponda. Amayenda m'munda monong'onezana ngati ali pamaliro, n'kumatchula maluwa mayina a Chilatini kuti uone kuti anapita kusukulu. Ku Coldstream mvula inatipeza kawiri pa ola limodzi ndipo palibe anathawa, tinangoima pansi pa mtengo masikono ali m'manja. Keke yokha ndiye ndiwapatse Angerezi, Victoria sponge ya kuno ilibe mnzake.

Mayi aja anandiyendetsa okha mpaka kumapeto kwa munda, komwe kunali mizere ya mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba zoyanga pamitengo. Kumeneko n'komwe ndinamasuka, chifukwa maluwa ndimangowayamikira koma dimba ndimalidziwa. Ndinawauza kuti masamba a maungu omwe amataya pamulu wa manyowa kwathu ndi ndiwo, timati nkhwani, ndipo ukathira nsinjiro nsima imatha osadziwa. Anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Ndinathyola tsamba limodzi lanthete n'kuwaonetsa kasadzulidwe kake, iwo n'kuitana amuna awo kuti adzaone. Anthu a pageti aja anadzilandira okha, aliyense akuponya yake m'chitini.

Potsanzikana anandidulira kanthambi ka geranium n'kukakulunga m'nyuzipepala yonyowa. Kali pawindo la kukhitchini m'chitini cha majarini, ndipo sikanafote. Ine ndinawalonjeza nsinjiro. Amatsegulanso chaka chamawa, ndiye amene ali ndi galimoto yodalirika ku Newcastle andiuze msanga, mafuta tidzasonkherana, yanga ija inayamba kutsokomola pa Wooler.