Lekani kutentha mabokosi a makolo anu

Nkhani yomwe ndamva sabata ino yandidyetsa mutu. Mphunzitsi wina wokalamba wamwalira, ana ake abwera kudzakonza m'nyumba, atulutsa bokosi lake la mapepala n'kulisonkhezera moto. Anthu a bungwe losunga mbiri ya m'deralo atathamangirako anangopeza phulusa ndi theka la kaundula wa sukulu, m'mphepete mwake mutapserera. Makalata, zithunzi za ana asukulu a kalekale, mapu ojambula pamanja, zonse psiti. Akuti amafuna malo oikapo sofa. Sofa!

Kodi anthu inu mwatani? Bungwe lilipo, anthu ake ndi ongodzipereka, salandira kalikonse. Amaswera m'fumbi akusanja mapepala, kulemba mayina a anthu a pa chithunzi chimodzichimodzi, kupita kwa nkhalamba ndi chojambulira mawu zisanatsikire kuli chete. Kuwaimbira foni kuti abwere adzaone, chikanakuvutani n'chiyani?

Ndiye pali aja oyankha mwamatama kuti zofunika zonse boma limasunga. Limasungadi? Kafunseni anthu a ku Ireland. Pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, nyumba yosungiramo zolemba za boma ku Four Courts mumzinda wa Dublin inaphulika n'kuyaka. Zolemba za zaka mazanamazana zinathera momwemo, pamodzi ndi mbali yaikulu ya kalembera wa anthu wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851. Mpaka lero akatswiri akulumikiza zidutswa, ndipo amazipeza kuti? M'makope amene anali m'manja mwa maloya, m'matchalitchi, m'mabuku a anthu ofufuza mibadwo ya mabanja awo. Ku America kalembera wa 1890 anawonongeka ndi moto ndi madzi ozimitsira motowo ku Washington mu 1921. Mu 1973 ku St. Louis kunapsa mafayilo a asilikali osachepera 16 miliyoni. Laibulale ya Jagger ku yunivesite ya Cape Town inapsa mu Epulo 2021, maso athu akuona. Nyumba zokhala ndi alonda ndi mapaipi ozimitsira moto zikupsa chonchi, inu n'kumayatsa dala kope lokhalo lomwe latsala?

Amene mumati mumasunga, musadzitame msanga. Kalata yang'ambika, mwaimata ndi selotepi. Pakapita zaka selotepiyo imachita chikasu, n'kusiya banga losachoka. Setifiketi ya agogo mwaikutira ndi pulasitiki ya laminesheni ati kuti ikhalitse, osadziwa kuti mwaiphika ndi kutentha komanso guluu, ndipo kuichotsamonso n'kovuta zedi. Masitepulo ndi mapini akuchita dzimbiri n'kudya pepala. Chithunzi mwachipachika pamene dzuwa limawomba tsiku lililonse mpaka nkhope zafufutika. Zina mwaunjika pachinyezi, nkhungu ndi chiswe zikuchita phwando. Wina amatenga bolopeni n'kuzunguliza nkhope pachithunzi penipenipo, pomwe pensulo yofewa kumbuyo kwake ikanakwana. Choipa kwambiri n'kusalemba n'komwe. Chithunzi chopanda dzina, chaka ndi malo, amene ankawadziwa anthuwo akapita, chimasanduka cha alendo, ndipo ngakhale a bungwe aja alibe nacho chochita.

Achinyamata nanu, musandiuze za foni. Mwajambula mapepala ndi foni n'kutaya enieniwo? Foniyo ikabedwa? Mukaiwala pasiwedi? Makaseti a mawu ndi a vidiyo amene makolo anu ankawadalira, lero muli ndi makina owaseweretsera? Jambulani ndithu, koma pepalalo lisungeni.

Za kumanda ndingonena mwachidule, chifukwa zimandinyansa. Mwala wakale simuukwecha ndi burashi ya waya kapena kuuthira bulichi kuti uwale. Mukufufuta zilembo zomwe zapirira mvula zaka zonsezi. Nanga iwe wolemba dzina lako ndi la chibwenzi chako pakhoma la nyumba yakale, wakuuza ndani kuti mbiri ikukufuna?

Ngati simukuzifuna zinthuzi m'nyumba mwanu, palibe akukukakamizani. Ziikeni m'katoni youma, musazisanje n'komwe, musang'ambe masamba m'maalubamu, lembani kapepala kosonyeza mwini wake, mukazisiye kwa anthu odziwa ntchito yake. Iwo ndiwo anene chotaya ndi chosunga, osati inu ndi machesi anuwo. Manyazi bwanji!