Tisiye kutsukira sipuleya mumtsinje abale

Nkhani iyi yandikhala pamtima nthawi yaitali ndiye lero ndingoinena basi. Pitani kudimba lililonse la m'mbali mwa mtsinje wa Likangala kapena Domasi nyengo yachilimwe mukaone. Tomato ndi kabichi zafika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, mlimi wapopera mankhwala m'mawa wonse, pomaliza akutsika ndi sipuleya yake kumsana, kuitunga madzi, kuikhutchumula n'kukhuthulira momwemo mumtsinje. Madzi aja amachita mbuu ngati mwathira mkaka kenako amapita. Kumusi pang'ono amayi akuchapa, ana akusamba, wina watchera mono.

Mankhwala ambiri amene tikupoperawa ndi cypermethrin, makamaka chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda zija zinavuta mu 2017 mpaka boma kulengeza kuti maboma 20 agwa pa ngozi. Kuyambira pamenepo aliyense anaphunzira kupopera, koma palibe anatiuza zimene mankhwalawa amachita akalowa m'madzi. Cypermethrin amapha pogwira mitsempha, ndipo nsomba ndiye sizichedwa nayo olo pang'ono chifukwa imalowa momwe zimapumiramo komanso thupi la nsomba limachedwa kuichotsa, silingafanane ndi la mbuzi kapena la munthu. Ndiye kamadzi kotsukira kamene inu mukuti ndi kochepa kaja, kwa kansomba kongoswa kumene ndi imfa. Ndipo si nsomba zokha ayi, nkhanu, ana a tombolombo, tizilombo tating'onoting'ono timene matemba amadya, tonseto timafa mwakachetechete osayandama n'komwe kuti muone. Ena mwa mankhwalawo amakakamira kumatope apansi, mvula ikabwera matope aja ulendo.

Ulendo wa kuti? Apa ndi pamene pamandiwawa ine. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe yonseyi imakathira m'nyanja ya Chilwa ndipo Chilwa ilibe mtsinje wotuluka. Nyanja ya Malawi bola ili ndi Shire, koma Chilwa chimene chalowa chimakhala momwemo, madzi amangouma ndi dzuwa basi, komanso ndi nyanja yosaya yoti inaphwa mu 1995, mu 2018 inatsala pang'ononso. Inaikidwanso pa mndandanda wa Ramsar ngati dambo lofunika padziko lonse. Matemba a pa doko la Kachulu amene timadyera nsima mpaka ku Blantyre, makumba, milamba, zonse zimakulira m'madzi omwewo.

Sindikunyoza alimi ayi, munthu wagula mbewu ndi feteleza modula chonchi sangangoyang'ana mbozi zikumaliza munda. Vuto lalikulu ndimaliona pa kagulitsidwe. Tsiku lamsika mavenda ayala timabotolo topanda lebulo, ena athira m'mabotolo a zakumwa, ukafunsa muyezo akuti zivindikiro ziwiri kapena zitatu zikavuta muwonjezere. Ngakhale botolo la lebulo lomwe, malangizo ake ali m'Chingerezi tizilembo tating'ono, agogo akumudzi awerenga bwanji? Tili ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo, komanso lamulo la mankhwalawa lilipo kuyambira 2000, chonde afike m'misika ya kumudzi, ndipo chenjezo la nsomba lizilembedwa m'Chichewa zilembo zikuluzikulu. Alangizinso ndi ochepa zedi, mmodzi midzi yambirimbiri panjinga yakapalasa.

Koma zina sitikufunika kudikira boma. Tungani madzi mu ndowa mukasakanizire kumtunda kutali ndi mtsinje. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo thirani mu sipuleya mupopere m'munda momwemo, kenako liboolereni kuti mwana asadzatungire madzi akumwa. Kukachita mitambo yamvula musapopere, mukungotaya ndalama ndipo zonse zikatsikira kudambo. Siyaniko bango ndi udzu m'mbali mwa mtsinje osalima mpaka kugombe, zimatchinga matope. A mfumu ndi makomiti a m'masikimu a mpunga, nkhani ya sipuleyayi ikambeni pa msonkhano wotsatira, wopezeka akutsukira mumtsinje azilipira chindapusa.