Vidiyo ya msonkhano si maminitsi, abale

Ndinene maganizo anga, okwiya akwiye. M'magulu a anthu ongodzipereka omwe amalemba mapulogalamu aulere a pakompyuta mwalowa chizolowezi chomwe ine sichindisangalatsa. Msonkhano ukatha pa Zoom kapena pa Jitsi, wapampando amangoponya linki ya vidiyo n'kunena kuti amene sanabwere akaonere. Ati ntchito yatha. Ayi ndithu.

Taganizirani mnzathu ali ku Zomba. Msonkhano unali 17:00 UTC, kwathu kuno 7 koloko madzulo, magetsi atathima, foni ili pafupi kutha moto. Mawa lake mukumuuza kuti awononge bandulo yake poonera anthu akupatsana moni, akufunsana "mukundimva?", wina mawu akudukaduka, mwana akulira kumbuyo, ola lathunthu ndi theka, chonsecho iye akungofuna kudziwa ngati khodi (malemba opangira pulogalamu) yomwe anatumiza yalandiridwa. Saonera ameneyo. Sabata yotsatira afunsa zomwe zinayankhidwa kale, mumuyankha mwaukali, achita manyazi, ulendo ndi womwewo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti vutoli akale analithetsa. Anthu a Debian, gulu limodzi la ongodzipereka otere, pochita misonkhano yawo pa IRC, njira yochezera pa intaneti polemberana, amagwiritsa ntchito kapulogalamu kotchedwa MeetBot, komwe analemba Richard Darst. Wapampando alemba #startmeeting, nkhani ikasintha alemba #topic, mukagwirizana chinthu alemba #agreed, munthu akasenza ntchito alemba #action ndi dzina lake. Akangolemba #endmeeting, tsamba lalifupi latuluka: mitu, zomwe mwamanga, ndi mndandanda wa ntchito pansi pa dzina la aliyense. Wofuna mawu onse omwe analankhulidwa amawapezanso, koma palibe akumukakamiza. A Fedora, gulu lina lotere, anatengera zomwezo ndi kapulogalamu kawo kotchedwa zodbot. Ku W3C, bungwe lokonza miyezo ya mawebusayiti, ulembi umakhala wa kasinthasintha, lero uyu, sabata yamawa wina. Zimenezi n'zanzeru, chifukwa mukasiyira munthu mmodzi, iye salankhulanso pa msonkhano, amangokhalira kutaipa mpaka kutopa nazo.

Ubwino wa MeetBot suli m'khodi yake. Uli apa: kuti ulembe #agreed, uyenera kufunsa kaye kuti "ndiye tagwirizana chiyani?" Funso limeneli likafunsidwa, nthawi zambiri mumapeza kuti simunagwirizane kanthu. Aliyense anali wokonzeka kutseka kompyuta ali ndi zakezake m'mutu. Chimodzimodzi #action. Chiganizo choti "wina aionepo nkhaniyi" sichikwanira, pamafunika dzina. Mlembi wa banki m'khonde salemba kuti wina wakongola ndalama, amalemba ndani, zingati, abweza liti.

Koma pali chinthu chomwe ngakhale maminitsi abwino amakonda kusiya, ndipo kwa ine ndiye chachikulu: chifukwa. Mwasankha njira iyi, mwakana inayo, zikomo, koma mwaikaniranji? Pulojekiti ya ongodzipereka anthu sakhalitsa. Wina wapeza ntchito, wina wakwatira, wina wangosowa osatsanzika. Pakapita zaka ziwiri pabwera watsopano wamoto, aona khodi yooneka yokhotakhota, aiwongola, n'kubweretsanso vuto lomwe linachititsa kuti ikhote. Mizere iwiri yokha ikanamuletsa: tinayesa njira yachidule, inkaphwanya pulogalamu pa mafoni akale, n'chifukwa chake tazungulira. Lembaninso amene anatsutsa ndi mfundo yake. Si miseche imeneyo, mwina mawa zidzaoneka kuti iye ndi amene ankanena zoona.

Ena anena kuti masiku ano AI imalemba yokha chidule cha msonkhano. Ilembe, sindikana. Koma imasakaniza ganizo lomwe munthu anangoliponya ndi chigamulo cha gulu, ndiye pakhale munthu woti awerenge n'kukonza tsiku lomwelo anthu asanaiwale.

Kwina ndi kosungira. Kuyambira mu September 2022, pulogalamu yochezera ya Slack yaulere imangoonetsa mauthenga a masiku 90 apitawa. Mu May 2021 mapulojekiti ambirimbiri anasamuka pa malo ochezera a IRC a Freenode kupita ku ena otchedwa Libera.Chat m'masiku ochepa chabe. Malo ochezera amasintha eni ake ndi malamulo ake. Za pa WhatsApp ndiye ndisanene, foni ikagwera m'madzi mbiri ya gulu yapita. Maminitsi akhale pamodzi ndi khodi, m'mafayilo wamba, dzina la fayilo likhale deti, kuti munthu azitha kufufuza ndi liwu limodzi.

Onani mmene amachitira a LibreOffice, pulogalamu yaulere ya ntchito za mu ofesi. Komiti yawo yoona za luso imakumana Lachinayi lililonse, ndipo pamwamba pa maminitsi awo, akangotchula omwe analipo, pamabwera ntchito zomwe zatheka kenako zomwe zikudikirabe, chilichonse ndi dzina la mwini wake. Munalonjeza sabata yatha, simunachite? Dzina lanu libweranso pompo Lachinayi likudzali.