Tory ndi Whig anali maina otukwanirana

Nkhani yanuyi yangoti Tory ndi dzina lina la chipani cha Conservative cha ku Britain, koma simunanene kuti poyamba linali chipongwe. Pakati pa 1679 ndi 1681, aphungu ku England anakokanakokana pa nkhani yoti James, mng'ono wake wa Mfumu Charles II, adzalowe ufumu kapena ayi, poti anali Mkatolika. Omwe ankamuikira kumbuyo James, adani awo anawatcha Tory, mawu a chilankhulo cha ku Ireland onena zigawenga zobisala m'tchire. Iwonso sanagonje, anabwezera potcha anzawowo Whig, kutengera a Whiggamore, gulu la Apresibateriya a ku Scotland lomwe linaguba kupita ku Edinburgh mu 1648. Apa ankatanthauza kuti ndi anthu oukira mfumu.

Chondiseketsa ine n'choti mbali zonse zinangowatola mainawo n'kuyamba kuwanyadira. Dzina loti Conservative linabwera mochedwa, m'ma 1830, nthawi ya Robert Peel, mtsogoleri wa chipanichi. A Whig anamezedwa ndi chipani cha Liberal mu 1859, dzina lawo n'kuzilala. La Tory nyuzipepala za ku London sizikulisiya mpaka lero, mwina poti ndi lalifupi, limakwana bwino pamutu wa nkhani.